Kankhanambo ka pa phiko

Anthu kuno amandidziwa ndi chitopa. Ana akaona njinga yanga ikutsika chitunda ndi kabokosi kumbuyo, amathamanga kukauza amayi awo kuti asatsekulire nkhuku. Katemera wa chitopa wa I-2, uja amapangidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, alibe chovuta: kadontho kamodzi m'diso, nkhuku yapita, tionana pakatha miyezi 4. Ntchito imene inandiphunzitsa kudekha ndi ina, ya nthomba ya nkhuku, imene ena amati chikwirikwiti.

Timakhala kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa, ndipo mvula ikangogwa udzudzu umabwera ngati utsi. Ndiwo umafalitsa kwambiri matendawa. Uluma nkhuku yodwala, ukaluma yabwino pa nyama yofiira ya pamutu kapena m'mbali mwa diso, pomwe palibe nthenga. Atambala akajomphana, kachilombo kamalowanso pabala, ndipo nkhanambo zikagwera pansi m'khola kachilomboko kamakhala momwemo miyezi yambiri. Thadzi lalikulu nthawi zambiri limapirira: timatuza, nkhanambo zakuda, kusiya kuikira kwa kanthawi, kenako lachira, ndipo silidwalanso wamba. Mwanapiye ndiye amamvetsa chisoni. Zikope zimamatana, saona madeya, amangoima pakona mapiko ali pansi mpaka njala kumutsiriza. Nthombayi ikalowa m'kamwa ndi kukhosi, kumachita zoyera ngati chiponde chowuma, mwanapiye n'kumapuma mlomo uli yasa. Imeneyo sindinaionepo ikuchitira chifundo. Mankhwala ochiza palibe. Timangopaka ayodini pa zilonda ndi kumwetsa madzi.

Katemera wake sathira m'madzi akumwa, sadonthezanso m'diso. Amabwera ndi kasingano ka mano awiri, dzino lililonse lili ndi kangalande kotunga mankhwala. Wina amagwira nkhuku, ine ndimatambasula phiko n'kuyang'ana chikopa chopyapyala chija cha pakati pa mafupa. Ndimaloza ku dzuwa kuti ndione mtsempha ndi kuulambalala, ndimathothola tinthenga tiwiri titatu tingapukute mankhwala, ndiviika singano, ndiboola mpaka mano atulukire mbali inayo. Nkhuku iliyonse ndi kuviika kwake. Ukachita ulesi kuti uboole ziwiri ndi kuviika kumodzi, yachiwiriyo waingolasa chabe.

Pamene pali nkhani ndi pa mtundu wa katemera ndi msinkhu wa anapiye. Mabotolo amaoneka ofanana, koma ulipo wofatsa, woti ukhoza kubaya ngakhale mwanapiye wa tsiku limodzi, ndipo ulipo waukali, wokulitsidwa m'mazira, umene umafuna nkhuku yokhwimako. Palinso wina wochokera ku nthomba ya nkhunda, nawo ndi wofatsa. Poyamba ndinkaganiza kuti katemera ndi katemera basi.

Chaka china ndinali ndi magulu awiri a anapiye a Mikolongwe, oswedwa motalikirana masabata angapo. Aakuluwo anali atadutsa masabata 8 ndipo ndinawabaya waukali uja. Aang'onowo ndinawabaya wofatsa ali ndi masiku ochepa, poti mvula inali itayamba ndipo ndinkaopa udzudzu. Dzinja lonse kunalibe wodwala, ine n'kumayenda modzitukumula. Kenako, aang'ono aja atasanduka misoti, pafupi kuikira, ndinaona kakuda pamutu pa mmodzi. Sabata isanathe anali angapo. Aakulu aja, khola lomwelo, chomweramo chomwecho, osagwidwa ndi mmodzi yemwe.

Ndinapita kwa alangizi a ziweto nditakwiya, botolo lopanda kanthu lili m'manja, ndili wokonzeka kunena kuti kusitolo anandigulitsa madzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa, "Mayi, munabwerezanso liti?" Ndinangoti kakasi. Mwanapiye wobayidwa asanakwane masabata 6 chitetezo chake sichikhalitsa, thupi lake likadali lanthete. Katemera woyambayo ndi womuolotsa dzinja chabe. Akafika masabata 8 mpaka 12 umayenera kubayanso, makamaka phiko linalo, ndipo zonse zithe kukadali mwezi wathunthu asanayambe kuikira. Botolo linalibe mlandu.

Ndiye wina akandifunsa kuti wabwino ndi uti, sindiyankha msanga. Ngati anapiye aswedwa mu Disembala, khola lili moyang'anana ndi dambo, kudikira masabata 8 ndi juga. Baya wofatsa, udzabwereze. Ngati aswedwa mu Juni kukuzizira, udzudzu wachepa, ine ndimadikira n'kubaya kamodzi waukali. Chimene sindichita ndi kubaya waukali tianapiye ta masiku ochepa, kapena nkhuku yomwe yafooka kale ndi zina. Katemerayu ndi wamoyo, ndipo thupi limafuna masabata awiri kapena atatu kuti limange chitetezo. Nthomba ubwino wake umodzi ndi woti imayenda pang'onopang'ono, siili ngati chitopa chosesa khola usiku umodzi, choncho ikayamba umapatula zodwala n'kubaya zotsalazo.

Chimene chimanditopetsa ndi botolo lenilenilo. Limene ndimapeza ndi la nkhuku 1,000, ndipo ukangosungunula uli ndi ola limodzi kapena awiri, kenako n'kotaya. Pamudzi pano ndani ali ndi nkhuku zochuluka choncho? Ndimayamba ndayenda khomo ndi khomo, a mfumu alengeze, tisonkherane ndalama, aliyense agoneke nkhuku m'dengu. Tsikulo ndimalawirira ndi fulasiki ya ayezi, poti uyu sapirira kutentha ngati I-2, ndipo magetsi akathima usiku wonse furiji n'kufunda, mtima umakhala m'mwamba.

N'chifukwa chake ndimabwerera, ngakhale palibe amene amandilipira ulendo wachiwiriwo. Pakatha masiku 7 mpaka 10 ndimagwira nkhuku zingapo pakhomo lililonse n'kusisita phiko ndi chala. Pomwe ndinabaya payenera kukhala katotupa kolimba ngati njere ya mpunga, kapena kankhanambo kakang'ono. Kakapezeka, katemera wagwira. Phiko likakhala losalala ngati silinakhudzidwe, ndiye kuti mankhwala anafera m'njira, kapena singano inali youma, kapena nkhukuyo inadwalapo kale. Zikachuluka zosalala, ndimabaya gulu lonse kachiwiri.

Sabata yatha agogo ena a kutsidya kwa mtsinje anandiitanitsa mwachangu. Ndinawapeza agwira msoti wawo wakuda, nkhope ili gwa. "Mwana wanga, taona chimene singano yako yachita. Nkhuku yanga yatuluka chilonda." Ndinatambasula phiko, kankhanambo kali pomwepo, kowuma bwinobwino.

"Agogo, imeneyi ndiye yalandira," ndinatero. "Tandigwirirani ina ija yamawangayo, ndiyo ndikuikayikira."