Za Mawu Aja Akuti "You"

Ife amene tidaphunzira Chingerezi ku seminale tifuna kukuchenjezani pa kanthu kamodzi. M'chinenero chathu kwa mwana timati "iwe," koma kwa mkulu timati "inu." Chingerezi chili ndi mawu amodzi okha: mfumu ndi wolisha mbuzi, gogo ndi khanda, onsewo ndi "you." Kale Angerezi adali ndi "thou," ndiye iwe, koma adawasiya; tsopano amveka makamaka m'mapemphero akale. Ulemu wawo amauika m'mawu ena, monga "please," "sir" ndi "madam."

Tsono ana athu aphunzire "you" pamodzi ndi mawu aulemuwo; koma pobwera kumudzi asayese kunena "iwe" kwa atate awo. Pakuti lamulo lachinayi la Mulungu silisinthika ndi chinenero.