Nkhwazi Ndinaiona Ikudya

Ndinakulira mu Lusaka, ndipo nkhwazi ndinali kuidziwa pa mbendera ndi pa ndalama cabe. Mu Okutobala 2024, malaiti atasowa mpaka foni kukhala yozima tsiku lonse, mnzanga wogwira nchito pa kaloji ka m'mbali mwa Luangwa anandiitana. Anati kumeneko mdima suvutitsa munthu cifukwa palibe amene ayembekezera malaiti.

Ndinakwera basi ya kum'mawa. Mukapitirira Chongwe ndi Chinyunyu, Rufunsa imakulandirani ndi masaka a malasha oimikidwa m'mbali mwa mseu ngati anthu odikira basi. Tinatsika mapiri a Manenekela aliyense ali cete, mpaka pa ulalo wa Luangwa, pamene nsomba zouma zimanunkhira musanatsegule n'komwe windo. Kucoka apo galimoto ina inatilowetsa m'thengo, netiweki n'kutha.

Kalojiko ndi tunyumba ta udzu pansi pa mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba. Kumbuyo kwake mapiri anali mbee, ouma. Usiku woyamba sindinagone. Mvuu zinali kulira pafupi kwambiri moti ndinaganiza kuti imodzi yatsamira citseko. Ine amene ndimayenda usiku mu komboni osaopa, ndinafunda cinsalu kumutu pa kutentha konse kuja.

M'mamawa bambo wina wacikulire ananditenga pa bwato. Mtsinje unali utaphwa, mcenga uli poyera, madzi akuyenda m'kanjira kamodzi. Pa dziwe lina mvuu zinali zitapanikizana, misana yokha kuoneka, ina ili ndi zipsera zocita kulumana. Ng'ona inagona pa mcenga kukamwa kuli yasaa, osagwedezeka ngakhale pang'ono. M'gombe munali mauna ambirimbiri, tumbalame tofiira tukulowa ndi kutuluka. Ndiye nkhwazi inalira. Imaponya mutu kumbuyo polira, cinthu cimene pa ndalama sacionetsa. Inatsika, n'kukhudza madzi ndi zikhadabo, n'kukwera ndi nsomba ikuphiriphitha. Ndinaiwala kujambula.

"Amalume, muli ndi mwai kukhala kuno," ndinatero.

Anaseka osandiyang'ana. Anati mvuu imene ine ndikuiyamikira imatha kumaliza dimba la munthu usiku umodzi, ndipo akazi akamatunga madzi maso amakhala pa ng'ona. Koma caka cimeneco analibe ngakhale coti mvuu idye. Cimanga cinapserera m'munda ndi cilala cija cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale.

Analoza dziwe ndi nkhafi. Anati ali mnyamata linali lakuya kuposa apa. Mitengo ikatha kumapiri, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira mumtsinje, maiwe n'kumakwiririka. Mvuu zikasowa pobisala zimamenyana, zina n'kusendera kufupi ndi madimba.

"Nanga adula mitengoyo ndani?" Ndinafunsa ngati mtolankhani, manyazi ndilibe.

"Ndife, mwana wanga. Mwana wanga weniweni ali ku uvuni pano tikukamba. Adye ciani?" Anapalasa kawiri. "Koma ife tiphikira nkhuni. Malasha apita kwanu."

Sindinayankhe. Kunyumba mbaula inali kuyaka kawiri pa tsiku kuyambira pamene malaiti anayamba kuvuta, ndipo wopita kukagula malasha pa msika ndinali ine. Ndinali kukangana nao ogulitsa kuti akweza mtengo, osafunsapo kuti thumbalo linali mtengo wanji, wa pa phiri liti.

Ndinakhalako masiku atatu. Pobwerera, netiweki itangogwira pa ulalo, uthenga woyamba unali wa amai: ndisaiwale malasha, pa mseu ndi ochipa kusiyana ndi m'tauni. Basi inaima pa Rufunsa. Ndinatulutsa ndalama, nkhwazi ili pomwepo pakona, n'kupatsa mtsikana wa manja akuda bii. Kondakitala anakankhira thumba langa pansi pa basi pamodzi ndi ena asanu ndi limodzi.