Mafuta a John Love

M'komboni ya mgodi wa golide ku Shamva, anyamata amakangana za katswiri woposa onse pa mpikisano wa galimoto. Wina amati Schumacher, wina Hamilton, pakuti aliyense wa awiriwa anatenga ukatswiri wa dziko lonse maulendo 7. Agogo awo, amene anachoka ku Nyasaland akali mnyamata, amatchula John Love wa ku Bulawayo. Mu 1967, ku Kyalami, Love ankatsogola ndi galimoto yakale, koma atatsala pang'ono kumaliza anaima kuti athire mafuta, nathera pachiwiri. Adzukuluwo amaseka, ati lero makompyuta amawerengeratu dontho lililonse. Agogo sayankha. Iwonso anabwera kudzagwira zaka ziwiri zokha, koma ndalama yobwererera kumudzi sinakwane. Mpaka lero akadali mtchona.