Nsomba ya ku Ellesmere ndi mafupa a mkono wanga

Mlungu wa mayeso a anatomy ndinkaloweza mafupa a mkono: limodzi kumtunda, awiri kumunsi kwa chigongono, timafupa tambiri pamfundo ya dzanja, kenako zala. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandiponyera buku la Neil Shubin lotchedwa Your Inner Fish, nati, "Werenga, uone ngati ugone."

Sindinagonedi.

Shubin ndi pulofesa wa pa yunivesite ya Chicago, ndipo ankaphunzitsa ophunzira za udokotala mafupa omwewa. Koma nyengo yofunda ikafika, iye ndi Ted Daeschler komanso Farish Jenkins wa ku Harvard ankapita kumpoto kwenikweni kwa Canada. Kumeneko kulibe mitengo, miyezi imeneyo dzuwa sililowa, ndipo ankayenda ndi mfuti poopa zimbalangondo zoyera. Anayamba mu 1999. Maulendo oyamba ankabwerako opanda chimene ankafuna, ndalama zikutha. Mu 2004, pachilumba cha Ellesmere, anaona mphuno ya nsomba itasuzumira m'thanthwe. Anaitcha Tiktaalik, dzina limene akuluakulu a mtundu wa Inuit anapereka. Ili ndi mamba ngati nsomba, koma mutu wake ndi wophwatalala ngati wa ng'ona, ili ndi khosi, ndipo m'kati mwa zipsepse zake muli fupa limodzi, awiri, kenako timafupa. Mndandanda womwe uja ndinkaloweza.

Iwo amati miyalayo ndi ya zaka 375 miliyoni, ndi kuti nsombayi ikuonetsa mmene zamoyo za m'madzi zinasinthira n'kukhala zoyenda pamtunda. Ine ndinakulira m'banja losunga Sabata pokumbukira masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe, ndipo sindinasunthe pamenepo. Kufanana kwa mafupa sikundidabwitsa: mmisiri mmodzi amabwereza luso lake. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti anthuwa sanaipeze mwangozi. Anayamba anena mtundu wa miyala imene ingakhale nayo, anayang'ana pamapu, n'kupita kukakumba. Kungoti "ndi bodza" sikuyankha zimenezo, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira kangati ndayankhapo anzanga chonchi.

Mpingo wathu uli ndi bungwe la Geoscience Research Institute, lomwe linakhazikitsidwa mu 1958 kuti lizifufuza mafunso otere. Ndayamba kuwerenga zolemba zawo pang'onopang'ono, buku la Shubin lili pambali. Mwini wake walifunsa kawiri, sindinamubwezerebe.