Za Akamba Anai a ku New York

M'nthano za makolo athu Kamba ndiye woyenda pang'onopang'ono, wopambana anzace ndi nzeru yokha. Koma ku America kuli akamba ena, olumpha ngati apusi ndi omenya nkhondo. Tinena za masewera a pa kompyuta, dzina lace Teenage Mutant Ninja Turtles: Shredder's Revenge, amene anaturuka m'caka ca 2022. Anawakonza ndi a Tribute Games a ku Montreal, potsata makatuni amene anayamba kuonetsedwa mu 1987.

Akambawo ali anai, pacibale pao. Leonardo agwira malupanga awiri, Donatello ndodo yaitali, Raphael timipeni tiwiri, Michelangelo timitengo tolumikiza ndi unyolo. Akhala m'ngalande za pansi pa mudzi wa New York, ndipo mphunzitsi wao ndiye khoswe wokalamba, Splinter. Mdani wao Shredder atuma asilikari osawerengeka; ambiri a iwo ali makina cabe, ophulika akamenyedwa, ndipo mwazi sitinauona. Akuru ofunsa ngati ana ayenera kuona zotere adziwe cimeneco.

Tinayamba kusewera mmodzimmodzi, ndipo sitinakondwera kweni-kweni. Uyenda kumka kudzanja lamanja, umenya, uyendanso, umenyanso, kufikira atatha magawo 16. Asilikari abwera omwewo, atasintha mtundu wa malaya. Nkhani yace njopyapyala: adani atola ziwalo za thupi lacitsulo la Krang, ife tiwalondola. Maora atatu akwanira kuitsiriza.

Koma titakhala pamodzi, zinasanduka zina. Anthu 6 akhoza kusewera nthawi imodzi, pakuti Splinter ndi mtolankhani April O'Neil alowanso m'nkhondo. Apa ndipo taona luso la okonzawo. Mnzako akagwa, safa pomwepo ai. Agona pansi kanthawi kocepa, ndipo iwe uyenera kusiya adani, kuthamangira kwa iye ndi kumdzutsa, cinkana akukantha kumbuyo. Ukhozanso kuomba naye m'manja ndi kumgawira mphamvu yako, yako nicepa. Tsono cakudya cao cobwezera mphamvu, pizza, cioneka cimodzi pa njira, ofooka ali atatu. Adye ndani? Pamenepo m'nyumba mubuka mlandu, ndipo wosusuka adziwika msanga. Tinaona mwana wamng'ono alikudzudzula mkuru wace pa cifukwa ici, mkuruyo nasowa poyankha.

Cotidandaulitsa ciripo. Osewera akafika 6, cithunzi cidzala pfumbi ndi moto, akamba onse ali obiriwira, ndipo munthu ataya wace, namenya mphepo osadziwa. Ife tiyesa kuti atatu kapena anai ndiwo oyenera.

Kwa iye amene ali ndi ana angapo, ndi zogwirira m'manja zokwanira onse, titi masewera awa ayenera ndalama zace. Wogulira mwana mmodzi wosewera yekha ayambe waganiza, pakuti Loweruka limodzi adzakhala atawatha.