Ukalamba M'mphepete mwa Tiyi

Ukachoka ku Limbe n'kudutsa pa Bvumbwe, maso amayamba kukhuta zobiriwira. Tiyi wa ku Thunga, wa kwa Conforzi, wa ku Naming'omba, wa ku Satemwa m'tsinde mwa phiri la Thyolo, mpaka kukatsikira ku Makwasa. Alendo amaimitsa galimoto n'kujambula. Koma amene akufuna kuidziwa Thyolo ayang'ane pamene tiyi wathera. Pamenepo pali midzi yothithikana, nyumba kuyandikana khonde ndi khonde, timinda ta chimanga ndi nandolo titakwera m'zitunda zoti mbuzi yokha ndiyo ingayendemo bwino. M'midzi imeneyi ndimo mumapumira anthu amene anathera mphamvu zawo m'tiyimo. Kumaiko ena amamanga midzi yapadera ya anthu opuma pa ntchito, ya mpanda, ya anamwino, yokhala ndi ndandanda wa zochita mwezi ndi mwezi. Kuno mudzi wa opuma ndi mudzi womwewo wa aliyense, ndipo ndandanda wa zochita amaulemba ndi mvula, chiperoni ndi tiyi.

Ambiri mwa agogo amenewa ndi zidzukulu za Alhomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa msonkho ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi. Anapeza Amang'anja ali kale, anapezanso malo aakulu ali m'manja mwa azungu. Tiyi anafika ku Thyolo cha m'ma 1908, atayamba kale ku Mulanje, ndipo Satemwa anaitsegula Maclean Kay mu 1923. Wofuna pomanga nyumba pa esiteti ankalipira ndi thukuta lake: ndiyo thangata ija. Mkwiyo wa thangata ndi wa malo ndi umene unaphulika m'boma lino mu 1953, anthu n'kufa, ndipo thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Choncho ndikamati kale kunali bwino, sindikulira thangata, sindikulira chikoti cha kapitawo kapena phoso wa ufa, nyemba ndi mchere. Ndikulira malo amene munthu wokalamba anali nawo pakati pa anzake, nyengo iliyonse ya chaka.

Kale munthu akatopa, msana ukakana dengu, ankatuluka m'nyumba ya kampani ndi zochepa zedi: mabulangete, mapoto, wailesi, njinga yakapalasa kwa amene anachita mwayi. Penshoni inali nkhani ya makalaliki. Koma ankadziwa kolowera. Kuno n'kwa chikamwini, ndiye bambo ankatsata mayi kwawo, kumene kunali kamunda ka mbumba, phata la nthochi kuseri kwa nyumba ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Sankafika ngati mlendo, chifukwa theka la mudzi linali la anthu amene anathyola nawo tiyi mzere umodzi, anaima nawo pa sikelo imodzi, analandira nawo pa windo limodzi. Mayina a ku ntchito ankawatsata mpaka kumanda. Wina ankafa akutchedwabe a Kapitawo, wina a Wachimani, wina a Kuka, ngakhale zaka zitapita chisiyireni ntchito.

Chaka cha okalamba chinkakoma kwambiri m'nyengo imene tiyi wagona. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, mphepo yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza kosatha, kozizira mpaka m'mafupa. Masamba amachepa, amuna ochepa amatsala kudulira tiyi ndi zikwanje, ndipo anthu a ntchito ya nyengo amauzidwa kuti akadikire mvula. Kwa matumba inali nthawi yowawa, koma kwa mudzi inali nthawi yodzaza. Aliyense anali pakhomo. Moto sunkazima m'khitchini mwa agogo, ndipo mozungulira motowo ndimo munkachitikira zambiri. Madoda ankang'amba nsungwi n'kumaluka malichero, nsengwa ndi madengu, madengu omwewo amene mvula ikagwa adzakhale kumsana kwa ana awo m'tiyi. Ena ankasoka mphasa, ena kusema mipini. Ntchembere zinkasenda chinangwa n'kuyanika makaka pa denga, kupuntha nandolo wouma, kufutsa mfutso wa khwanya ndi chitambe. Ndiye panali kalongonda. Amene sanakulire kuno sadziwa kuti kalongonda ndi ntchito ya tsiku lathunthu: amawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu, ngakhale kupha kumene. Ntchito imeneyi sinkapatsidwa kwa mtsikana wopupuluma. Inali ya gogo wodziwa kudikira, ndipo mphika ukatsika, khomo lonse ndi anansi omwe ankasonkhana.

Usiku unali wa nthano ndi zilapi. Sindikunena kuti agogo onse anali akatswiri a nthano ayi. Ena ankangobwereza nkhani za ku fakitale, za bwana uje wolusa, za tsiku limene anayenda wapansi kuchoka ku Milanje kapena ku Gurue. Koma ana ankamvetsera, ndipo m'nkhani zimenezo ndimo ankadziwira kwawo kwenikweni ndi mawu angapo a Chilhomwe amene makolo awo anali atayamba kale kuchita nawo manyazi.

Zokolola zikalowa m'nkhokwe, ng'oma zinkayamba. Mwezi wa Ogasiti unali wa zinamwali, ndipo ku thezo kunalibe cholongosoka popanda anamkungwi okalamba. Maukwati, kumeta maliro, kumanga ziliza, milandu ya malire imene inadikira chaka chonse, zonse zinkagwera m'chilimwe, ndipo zonse zinkafuna imvi. Tchopa ankavinidwa pothokoza mizimu chifukwa cha dzinthu, kapena popempha mvula ikachedwa. Amuna atasenza zikopa, nthenga ndi mitolo kumsana, amayi akuwomba m'manja, ng'oma zitatu zikuyankhulana. Mdala amene m'mawa amadandaula za mawondo ankalowa m'bwalo n'kuiwala ndodo.

Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, inali nthawi yofolera nyumba ndi kusosa. Gogo wopanda mphamvu ankafulula thobwa kapena mowa wamasese n'kuitana dima, ndipo tsiku limodzi munda wonse unkakhala mizere yokhayokha. Palibe ankawerengera ndalama. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lina adzakhala iyeyo woitana.

Mvula ikagwa, tiyi amadzuka ndi ukali. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo ndi pamene masamba ambiri a chaka amathyoledwa, masamba awiri ndi kansonga kake, dzanja lililonse likufunika. Mudzi unkatsala wa okalamba ndi makanda. M'bandakucha amayi ankatula mwana pa mphasa ya agogo n'kuthamangira ku esiteti, ndipo gogoyo ankakhala namwino, mlonda wa nkhuku, wopalira ndi wobandira munda wa banja lonse. Ndiye nthawi ya bowa, ya ngumbi, ya mapeyala ogwa okha. Ndiyonso nthawi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, pamene makaka aja ankatsitsidwa n'kusinjidwa. Apa wopuma pa ntchito sanali katundu wa munthu. Malipiro a ana ake ankatheka chifukwa iye anali pakhomo.

Ndipo panali nthochi. Penshoni yeniyeni ya wokalamba wa ku Thyolo inali nthochi. Sizifuna msana wolimba, zimabala chaka chonse, ndipo malole ankabwera okha ku Molere, ku Masambanjati ndi ku Thekerani kudzanyamula mikoko kupita nayo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Gogo wa mapata khumi sankapempha ndalama ya sopo, ya mchere kapena ya chopereka cha ku tchalitchi. Kenako kunabwera chisaka, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi, amene amapinimbiritsa masamba n'kuletsa mtengo kubala. Alangizi anati palibe mankhwala, kuzula basi. Mapata amene anabzalidwa ndi anthu amene anagona kalekale anazulidwa ndi kutenthedwa, ndipo dziko lino linayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Akatswiri amawerengera za chisaka ngati kutayika kwa malonda. Ine ndimaona kuti chinalanda okalamba ufulu wawo wosapempha, ndipo mbewu zatsopano zimene zikugawidwa sizinabwezeretsebe zonse.

Lero zambiri zasintha, ndipo muzu wake ndi malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, pamene nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi, makademiya ndi bulugamu wa nkhuni za mafakitale. Kamunda kamene kanadyetsa banja limodzi kagawidwa kwa ana aakazi, kenako kwa zidzukulu, mpaka aliyense watsala ndi mizere yowerengeka. Dima ungaliitanire munda uti? Ndipo amene angabwere akufuna ndalama ya ganyu, osati chipanda cha thobwa. Sindiwada, nawonso sopo amagula. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupita ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu. Amene anapita anapeza minda, koma nthawi zambiri anali amphamvu. Okalamba ambiri anakana kusiya manda a makolo awo, n'kutsala.

Edzi nayo inadula m'badwo wapakati. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito m'boma lino mu 1997, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, koma pofika nthawiyo agogo ambiri anali ataika kale ana awo. Uja ankalera zidzukulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo anayamba kulera mpaka kalekale, popanda wobwera madzulo ndi malipiro. Achinyamata amene alipo lero ambiri ali pa kabaza ku Luchenza ndi ku Limbe, kapena ku Joni, n'kumatumiza kangachepe pa foni. Ndalamayo imathandiza, koma sifolera nyumba, situnga madzi kudambo.

Chiperoni chikadali chomwecho, koma moto wachepa. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, mmene munkalira mbalame ija asayansi anaipatsa dzina la phirili, Thyolo alethe, inadulidwa pafupifupi yonse n'kukhala minda. Bulugamu wa esiteti ali ndi alonda. Gogo amawerengera nkhuni zophikira, ndiye zowotha zichokera kuti? Kalongonda amene amafuna moto wa tsiku lonse amamugula wophikaphika pa msika, m'kambale kakang'ono. Moto ukazima msanga anthu amagona msanga, ndipo ana amapita ku vidiyo pa tireding'i senta. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti gogo wokhala yekha, wofiira maso ndi utsi wa zinyatsi, ndi amene amalozedwa chala mwana akadwala pamudzi. Kale ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero m'madera ena a dziko lino okalamba amamenyedwa, ngakhale kuphedwa, powaganizira ufiti.

Komabe kunena kuti zonse zinaipa kungakhale bodza. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kusonkhera antchito awo, ndipo mu 2016 bungwe la antchito a m'minda la PAWU linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi. Wopuma lero, ngati anali wokhazikika, amatuluka ndi ndalama yoti n'kugula malata ndi kuwotcha njerwa. Tsoka lili kwa uja anathyola tiyi moyo wake wonse koma miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pachaka, kulembedwa mu Disembala, kuchotsedwa mu Meyi. Iyeyo zaka zake n'zoduladula, ndipo chimene amatuluka nacho n'chochepa poyerekeza ndi madengu amene anasenza. Ena amadalira Mtukula Pakhomo akalowa m'kaundula. Ena ali ndi kamunda kawo ka tiyi, monga alimi ang'onoang'ono a bungwe la Msuwadzi amene amagulitsa masamba ku fakitale, ndipo munthu wotere amathyolabe mpaka zala zitakana.

Okalamba nawo sanakhale manja lende. Adzipangira ndandanda watsopano. Amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikika pa Malamulo mu 1902, a Mvano a CCAP ndi a m'miphakati ya Chikatolika ndi amene tsopano amazonda odwala, kusesa pakhomo pa gogo wosayenda ndi kuphika pa maliro. Misonkhano yamisasa ya m'chilimwe imasonkhanitsa anthu amene anasiyana pa sikelo zaka zambiri zapitazo. Tchopa, amene UNESCO inamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2014, wapezanso mabwalo, ndipo mu Okutobala magulu a madoda ndi ntchembere amakwera malole kupita kwa Chonde ku Mulanje ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Zoona, tchopa wa pamaso pa andale ndi makamera sangafanane ndi wa pansi pa mtengo wa nsembe, koma Chilhomwe chimene chinkanong'onedwa kuseri tsopano chimayankhulidwa pa chimkuzamawu, ndipo odziwa kuchiyankhula ndi agogo omwewa. Anthu amawafunafuna.

Mvula ndiyo yasokoneza mawerengero awo. Madoda amene ankadziwa sabata yobzala poyang'ana mitambo ya ku Mulanje tsopano amabzala kawiri. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'zitunda za Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo nyumba za zidina za okalamba zinali zoyamba kugumuka. Ambiri mwa amene anadzutsa makoma anadalira banki mkhonde, gulu la anthu a pamudzi loponya masheya sabata ndi sabata pansi pa mtengo wa mango, momwe opuma pa ntchito amakhala okhulupirika kusunga bokosi ndi makiyi. Magulu ambiri amagawana ndalama chakumapeto kwa chaka, mvula ikuyandikira. Gawo la gogo limathera ku thumba la feteleza, pulasitiki wa padenga ndi fizi ya mdzukulu wa ku sekondale, ndipo sabata zomwezo mdzukulu wamkulu amapita ku ofesi ya esiteti kukaima pa mzere wolembetsa ntchito ya nyengo.