Nkhuku ya Khirisimasi yodya banja lonse

Khirisimasi kwathu ku Chiradzulu ndi mpunga woyera, nkhuku yosambira m'mafuta ndi Fanta. Koma m'mabanja ambiri masiku ano muli wodwala shuga kapena BP, ndipo tsikuli likafika timamupatula. Iye timamupatsa kambale ka masamba ozizira mchere, ife uku tikunyambita zala. Mayi anga aang'ono, omwe amakatenga mankhwala a shuga ku Nguludi, sadandaula, koma ndimawaona akudya chowerama. Zimandipweteka.

Azungu amaika buledi woyera, batala ndi soseji m'mimba mwa nkhuku asanaiotche. Nzeruyo ndidaitola, koma zoikamozo ndidazisiya, chifukwa buledi woyera amakweza shuga msanga, ndipo soseji yadzaza mchere ndi mafuta. Ife tili ndi nandolo, yemwe timamulima m'mizere ya chimanga n'kukamugulitsa pa Mbulumbuzi osalabadira kuti thupi limamufuna. Nandolo amagayika pang'onopang'ono, motero shuga sakwera mwadzidzidzi, komanso amakhalitsa m'mimba.

Ndimamuwiritsa mpaka afewe koma osaphwanyika. Kenako ndimasakaniza ndi mapira ophika dzanja limodzi, anyezi, adyo, nsinjiro pang'ono ndi bowa wa mvula zoyamba, wogula kwa amayi omudziwa bwino, poti bowa salawa mwachisawawa. Ndikapakira zonsezi m'mimba mwa nkhuku yachikuda, ndimasoka ndi ulusi, n'kuiphika mumphika wovundikira pa makala ochepa mpaka ipse kufika mkati. Msuzi wa nkhukuyo umalowerera mu nandolo. Mafuta oyandama ndimawayengula, khungu ndimachotsa pogawa.

Povuta mpa mchere. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, kuwerengera ndi wobisala mu buledi ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Lilime lozolowera mchere limayamba lakana. Ndidaphunzira kulinyengerera ndi madzi a ndimu, jinja ndi kambuzi wosinja, ndipo ana, omwe sabisa chakudya chikaipa, adapempha china.

Izi sizilowa m'malo mwa mankhwala, ndipo ngakhale nandolo ali ndi muyeso wake. Mayi aang'ono amamwa mapiritsi awo m'mawa monga mwa masiku onse, amatenga mtanda umodzi wa mgaiwa, bonongwe wambiri, ndi ntchafu ya nkhuku yomwe tonse tikudya.